Rhodesia Native Regiment: asilikali a ku Nyasaland omwe adamenya nkhondo m'dzina la Rhodesia

CHITUNGWIZA – Rhodesia Native Regiment lidali gulu la asilikali achikuda lomwe boma la atsamunda la Southern Rhodesia, dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, lidakhazikitsa m'chaka cha 1916 kuti likathandize Angerezi kumenyana ndi Ajeremani kum'mawa kwa Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Gululi lidakhalapo kwa zaka zosakwana zitatu, ndipo amuna oposa 2,300 ndiwo adavalako yunifolomu yake. Ngakhale lidatenga dzina la Rhodesia, oposa theka la asilikali ake sadali mbadwa za dzikolo. Adali anthu obwera kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mapulazi. Ambiri mwa iwo adachokera ku Nyasaland, komwe lero ndi Malawi, ndipo ena adachokera ku Northern Rhodesia, komwe lero ndi Zambia, komanso ku Mozambique.

Mbiri imeneyi imakhudza mabanja ambiri olankhula Chichewa ndi Chiyao omwe ali ku Makoni, Zengeza ndi St Mary's mumzinda wa Chitungwiza, makilomita pafupifupi 25 kum'mwera kwa Harare. Makolo a ambiri mwa mabanjawa adafika ku Zimbabwe m'zaka za pambuyo pake, makamaka m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963. Komabe njira yomwe adadzera idapondedwa kale ndi m'badwo woyamba wa apaulendo, ndipo asilikali a gululi adali a m'badwo umenewo.

Chiyambi cha gululi

Nkhondo itayamba mu Ogasiti 1914, Southern Rhodesia idali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, yomwe idalamulira dzikolo mpaka 1923. Azungu okhala m'dzikomo sadafune kuti anthu akuda apatsidwe mfuti. Padali patangopita zaka zosakwana 20 chichitikire nkhondo za 1896 ndi 1897, pomwe Andebele ndi Ashona adaukira ulamuliro wa kampaniyo, ndipo mantha a nthawi imeneyo adali asadathe. Chotero magulu awiri oyamba omwe dzikolo lidatumiza kunkhondo adali a azungu okhaokha. Loyamba lidapita ku South West Africa, komwe lero ndi Namibia, ndipo lachiwiri lidapita kum'mawa kwa Africa mu 1915.

Kum'mawa kwa Africa zinthu sizidayende monga Angerezi adayembekezera. Dziko la German East Africa, lomwe mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania, linkatetezedwa ndi asilikali achikuda ophunzitsidwa bwino pansi pa mkulu wankhondo wa Chijeremani, Paul von Lettow-Vorbeck. Iyeyu adadziwa kuti sangagonjetse Angerezi pa nkhondo ya maso ndi maso. Cholinga chake chidali kuwatangwanitsa kwa nthawi yaitali kuti asilikali ndi zida zawo zisapite ku Ulaya. Malungo ndi kamwazi zidamuthandiza kwambiri pa cholingachi: asilikali achizungu a ku South Africa ndi Rhodesia adadwala mwaunyinji, ndipo gulu lachiwiri lija la azungu a ku Rhodesia lidafooka kotero kuti lidabwezedwa kwawo kumayambiriro kwa 1917.

Kuchepa kwa asilikali ndiko kudachititsa kuti maganizo asinthe. Woyendetsa dzikolo, Drummond Chaplin, adavomereza kuti pakhale gulu la asilikali achikuda, ndipo lidakhazikitsidwa pa 1 Meyi 1916. Utsogoleri udapatsidwa kwa Alfred Tomlinson, mmodzi mwa akuluakulu a polisi ya British South Africa Police. Maudindo onse apamwamba adali a azungu, omwe adatengedwa ku polisi komanso ku nthambi ya boma yoyang'anira anthu akuda, popeza ankadziwako zilankhulo za m'dzikomo. Munthu wakuda ankatha kukwezedwa kukhala kopolo kapena sajeni basi.

Asilikaliwa adali ayani

Poyamba atsamunda ankafuna gulu la Andebele okhaokha, poganiza kuti mtundu umenewu ndiwo udabadwira nkhondo. Koma Andebele omwe adabwera kudzalembetsa sadakwane chiwerengero chofunika. Olemba asilikali adatembenukira kwa Ashona, kenako kumigodi, m'mapulazi ndi m'matauni, komwe kudali amuna ambirimbiri ochokera kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi. N'chifukwa chake gululi silidatchedwe ndi dzina la mtundu umodzi. Katswiri wa mbiri yakale Timothy Stapleton, yemwe adafufuza m'kaundula wa asilikaliwa ndi kulemba buku lotchedwa No Insignificant Part mu 2006, adapeza kuti obwera ndiwo adachuluka, ndipo pakati pa obwerawo a ku Nyasaland ndiwo adatsogola.

Kupezeka kwa anthu a ku Nyasaland ochuluka chotere ku Rhodesia kudayamba kalekale nkhondo isadabwere. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890 boma la atsamunda ku Nyasaland linkakhometsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, pomwe ntchito zolipira bwino m'dzikomo zidali zochepa. M'minda ya azungu ya kumapiri a Shire mudali thangata. Anyamata ambiri adayamba kuyenda wapansi, kudzera ku Tete ndi kuwoloka Zambezi, kupita kudziko lomwe ankalitcha ku Halale. Ena ankapita okha, ena ankatengedwa ndi bungwe lolemba antchito la Rhodesia Native Labour Bureau, lomwe lidayamba mu 1903 ndipo antchito ankalitcha chibalo chifukwa cha nkhanza zake. Ankakathera ku mgodi wa malasha wa Wankie, komwe lero ndi Hwange, ndi ku migodi ya golide monga Shamva, Cam and Motor ndi Globe and Phoenix. M'zaka zomwezi Hastings Kamuzu Banda, ali mnyamata, adagwirako ntchito pa chipatala cha ku Hartley, komwe lero ndi Chegutu, ndipo Clements Kadalie, yemwe pambuyo pake adayambitsa bungwe lalikulu la antchito ku South Africa, adagwirako ntchito ya ukalaliki m'migodi ya ku Rhodesia.

Moyo wa m'makomboni a migodi udali wowawa. Chakudya chidali chosakwanira, malo ogona adali othithikana, ndipo chibayo ndi matenda obwera chifukwa chosowa zakudya zoyenera zinkapha anthu chaka ndi chaka. Kwa munthu wotere usilikali udali ntchito ina yokhala ndi malipiro a pamwezi, chakudya ndi zovala, komanso njira yochokera m'manja mwa kapitawo wa pamgodi. Ena mwa olembetsawo sadali achilendo ku mfuti, popeza adagwirapo kale ntchito m'gulu la King's African Rifles, lomwe kwawo ankalitcha Keyala. Bataliyoni yachiwiri ya Keyala itathetsedwa mu 1911, asilikali ake adamwazikana kukafuna ntchito. Ena adalowera kum'mwera, koma ena ambiri adawoloka malire a kumpoto n'kukalembetsa usilikali kwa Ajeremani, omwe ankalipira bwino. Motero pa nkhondoyi anthu a ku Nyasaland adapezeka mbali zonse ziwiri.

Ulendo wodzera kwawo

Atachita maphunziro a usilikali kwa miyezi yochepa pa msasa wina pafupi ndi Salisbury, mzinda womwe lero ndi Harare, asilikali osakwana 500 adanyamuka mu Julaye 1916. Adapita ku Beira pa sitima ya pamtunda, ndipo kuchokera kumeneko adalowera ku Nyasaland. Njira ya masiku amenewo inkadzera panyanja yamchere mpaka ku Chinde, kenako kukwera mtsinje wa Zambezi, n'kukakwera sitima ya pamtunda yodzera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, mpaka ku Blantyre. Gululi lidaima ku Zomba, likulu la dzikolo panthawiyo, komwe lidapitiriza maphunziro ake. Kwa ambiri a iwo, umenewu udali ulendo woyamba kupondanso dziko lakwawo chichokere, ndipo adalipondanso ali pamzere, mfuti ili paphewa, osaloledwa kupatukira kumudzi.

Nyasaland yomwe adaipeza idali kale m'kati mwa nkhondo. Mu Ogasiti 1914 sitima ya boma yotchedwa Guendolen idawononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, lomwe lero ndi Liuli, ndipo kuyambira pamenepo nyanja idali m'manja mwa Angerezi. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Keyala adabweza Ajeremani omwe adaukira Karonga. Imfa za pa nkhondo imeneyo ndizo zidachititsa Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, kulemba kalata yodandaula kuti anthu akuda osauka akufera nkhondo yomwe sakudziwa chiyambi chake. Pa 23 Januwale 1915 iye adatsogolera kuukira boma, ndipo adaphedwa kumayambiriro kwa Febuluwale chaka chomwecho. Anthu a m'midzi adaitcha nkhondo yonseyi nkhondo ya chiwaya, potengera mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza yomwe adaimva koyamba panthawiyo.

Rhodesia Native Regiment idaikidwa pansi pa Edward Northey, mkulu wa asilikali onse a Angerezi omwe ankalowa m'dziko la Ajeremani kuchokera kum'mwera chakumadzulo. Asilikali a Northey adawoloka malire mu Meyi 1916, n'kulanda Neu Langenburg, komwe lero ndi Tukuyu, ndipo kumapeto kwa Ogasiti adafika ku Iringa. Dera lomwe ankayenera kuligwira lidali lalikulu kuposa chiwerengero chawo. Pachifukwachi gulu latsopanoli, lomwe poyamba ankaliganizira ntchito yolondera misewu ndi nkhokwe za katundu, lidatumizidwa kutsogolo msanga. Lidadzera ku Fort Johnston, komwe lero ndi Mangochi, n'kukwera sitima kulowera kumpoto kwa nyanja.

Songea, Malangali ndi Kitanda

Atafika kumpoto, asilikaliwa adagawidwa pawiri. Gawo limodzi, motsogozedwa ndi Clive Carbutt, lidalowera kumpoto chakum'mawa kwa nyanja. Gawo lina, motsogozedwa ndi Tomlinson mwiniwake, lidatsika pa doko la Wiedhafen, lomwe lero ndi Manda, n'kuyenda wapansi kukalanda boma la Songea mu Sepitembala 1916. Songea ndi dziko la Angoni. Angoni a kwa Maseko adakhalako zaka zingapo asadabwerere kum'mwera kukakhazikika ku Dedza ndi Ntcheu, ndipo pa nkhondo ya Maji Maji ya 1905 mpaka 1907 Ajeremani adapha mafumu ambiri a m'deralo. Derali lidali lachonde, ndipo mbali zonse ziwiri zinkalifuna chifukwa cha chakudya.

Mayeso oyamba adafika mu Novembala 1916, pomwe magawo onse awiri adaukiridwa pafupifupi nthawi imodzi. Ku Malangali, asilikali ochepa a gululi omwe ankalondera nkhokwe ya katundu adazingidwa ndi Ajeremani ochuluka kuposa iwo, omwe adalinso ndi mzinga. Adakhala m'maenje awo kwa masiku angapo osagonja, kufikira asilikali a Ronald Murray adafika pa magalimoto kudzawapulumutsa. Ku Songea Ajeremani adayesa kulandanso bomalo koma adalephera, ndipo asilikali a Tomlinson adaligwira mpaka thandizo lochokera ku South Africa lidafika. Anthu omwe miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo ankakumba miyala pansi pa nthaka adaonetsa kuti angathe kuima pamaso pa asilikali ozolowera nkhondo.

Mu Januwale 1917, mvula ili pakati, Tomlinson ndi anthu ake adazingidwanso pa Kitanda, kumpoto kwa Songea, ndipo adavutika ndi njala asadatuluke. Pa 12 Febuluwale 1917, pa malo otchedwa Johannesbruck m'dera lomwelo, Sajeni Frederick Booth, mzungu wa ku polisi yemwe adatumizidwa ku gululi, adapita yekha zipolopolo zikuvumba kukatenga munthu wovulala kwambiri, kenako adasonkhanitsa asilikali omwe adabalalika. Adapatsidwa mendulo ya Victoria Cross, yomwe ndi yapamwamba koposa pa mamendulo a usilikali a Angerezi. Chikalata cholengeza mendulo imeneyi chimatchula Booth, koma munthu yemwe adapulumutsidwayo sichimutchula dzina. Mwa asilikali achikuda, Sajeni Lita, yemwe m'zolemba zina amatchedwa Rita, adapatsidwa mendulo ya Distinguished Conduct Medal chifukwa cha kulimba mtima pa nkhondo zingapo.

Kulondola Wintgens

Mu Febuluwale 1917 mtsogoleri wina wa Ajeremani, Max Wintgens, adaboola mzere wa asilikali a Northey ndi anthu ake mazana angapo, n'kulowera kumpoto chakumadzulo, kudera lomwe Angerezi ankaliyesa lolandidwa kale. Rhodesia Native Regiment idali pakati pa magulu omwe adatumidwa kumulondola. Ulendowu udawabwezera ku Neu Langenburg ndi kupitirira, kulowera ku nyanja ya Rukwa, mitsinje itasefukira ndipo njira zili matope okhaokha.

Mu Malichi 1917 adamupeza pafupi ndi mishoni ya St Moritz ku Galula. Tomlinson adayandikira asadadikire magulu ena omwe ankabwera m'mbuyo, ndipo anthu ake adagwa mu msampha. Ambiri adaphedwa, ena adavulala, ndipo mfuti za chiwaya zingapo zidalandidwa. Otsalawo adakumba maenje n'kukhala ozingidwa kwa masiku angapo mpaka anzawo adafika. Kumeneku ndiko kugonja kwakukulu komwe gululi lidakumana nako pa nkhondo yonse. Pambuyo pake Tomlinson adabwerera ku Rhodesia ndipo utsogoleri udapita kwa Carbutt. Wintgens adapitiriza ulendo wake koma adadwala kwambiri, ndipo adadzipereka kwa asilikali a dziko la Belgium mu Meyi 1917. Wachiwiri wake, Heinrich Naumann, adavutitsabe Angerezi kufikira Okutobala chaka chomwecho.

Litapumula ndi kulandira asilikali atsopano, gululi lidabwerera kumpoto chakum'mawa kwa Songea, komwe lidamenya nawo nkhondo ya ku Mpepo mu Ogasiti 1917. M'chaka chomwecho bataliyoni yachiwiri idalembedwa ku Rhodesia, ndipo olemba asilikali adadaliranso kwambiri antchito obwera. Mu 1918 mabataliyoni awiriwa ankagwira ntchito ngati gulu limodzi.

Chaka chomaliza ku Mozambique

Pa 25 Novembala 1917 Lettow-Vorbeck adawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'dziko la Mozambique, lomwe lidali pansi pa Apwitikizi, ndipo tsiku lomwelo adagonjetsa asilikali a Chipwitikizi pa Negomano n'kulanda mfuti ndi zipolopolo zambiri. Kuyambira pamenepo nkhondo idasanduka mpikisano wa miyendo. Ajeremani ankayenda mofulumira, kudya zomwe apeza m'midzi ndi m'nkhokwe za Apwitikizi, ndipo m'mbuyo mwawo ankasiya dziko lopanda kanthu. Asilikali a Northey, kuphatikizapo Rhodesia Native Regiment, adalowa m'dzikomo kuchokera kunyanja ya Malawi, kudzera m'madoko monga Mtengula, komwe lero ndi Metangula m'chigawo cha Niassa.

M'miyezi imeneyi gululi lidayenda makilomita zikwi zingapo wapansi, nthawi zambiri osamuona mdani yemwe ankamulondola. Lettow-Vorbeck adafika mpaka ku Namacurra, pafupi ndi Quelimane, mu Julaye 1918, n'kubwereranso kumpoto. Kumapeto kwa Ogasiti adakumana ndi asilikali a Keyala a ku Nyasaland pa Lioma, komwe adataya anthu ambiri koma adapulumuka. Adawolokanso Rovuma kumapeto kwa Sepitembala, adazungulira kumpoto kwa nyanja, n'kulowa ku Northern Rhodesia komwe adalanda Kasama. Uthenga woti nkhondo yatha ku Ulaya pa 11 Novembala udamupeza patapita masiku angapo ali pafupi ndi mtsinje wa Chambeshi. Adatula zida pa 25 Novembala 1918 ku Abercorn, komwe lero ndi Mbala, ali ndi azungu 155 ndi asilikali achikuda 1,168.

Njala, matenda ndi amtengatenga

Pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa matenda adapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. Malungo, kamwazi ndi chibayo zidali paliponse, ndipo matekenya ankapundula anthu oyenda mitunda italiitali. Ntchentche za kashembe zinkapha akavalo, abulu ndi ng'ombe, pomwe misewu ya magalimoto idali yowerengeka ndipo inkafa nthawi ya dzinja. Chotero thumba lililonse la ufa ndi bokosi lililonse la zipolopolo linkayenda pamutu pa munthu. Mtengatenga ankadyanso pa katundu yemwe wasenza, ndiye msasa ukatalikira, chakudya chofika kwa msilikali chinkachepa. Asilikali a Northey, omwe katundu wawo ankachokera kutali kwambiri kudzera ku Zambezi, Shire ndi nyanja, ankakhala masabata akulandira theka la chakudya chawo.

Mtolo umenewu udagwera kwambiri anthu a ku Nyasaland. Dzikolo lidapereka asilikali pafupifupi 19,000 ku Keyala ndi amtengatenga pafupifupi 200,000, ambiri a iwo ogwidwa mokakamiza kudzera mwa mafumu. Pa nkhondo yonse ya kum'mawa kwa Africa, amtengatenga pafupifupi 95,000 a mbali ya Angerezi adafa. Msilikali wa Rhodesia Native Regiment wochokera ku Ntcheu kapena ku Mangochi ankadya ufa womwe wasenzedwa ndi anthu akwawo, ndipo kumudzi minda inkagonera chifukwa amuna adatengedwa. Ziwerengero za asilikali a ku Nyasaland zomwe zimatchulidwa kawirikawiri ndi za Keyala. Omwe adalembetsa ku Rhodesia adawerengedwa ngati chopereka cha Rhodesia.

Nkhondo itatha

Gululi lidabwerera ku Salisbury mu Disembala 1918, mliri wa fuluwenza utangosesa m'migodi ndi m'matauni a dzikolo, ndipo posakhalitsa lidathetsedwa. Anthu ake pafupifupi 150 adafera kunkhondo kapena ndi matenda. Otsalawo adabwerera ku moyo wakale wa chitupa, msonkho ndi komboni. Ena adalowa upolisi kapena umesenjala wa paboma, ena adabwerera kumigodi, ena adapita kwawo, ndipo ena adakwatira ku Rhodesia n'kukhala machona. Usilikali sudawapatse ufulu wovota kapena malo. Mu 1930 lamulo la Land Apportionment Act lidapatula pafupifupi theka la nthaka ya dzikolo kukhala ya azungu.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, boma lidakhazikitsanso gulu la asilikali achikuda mu 1940, lotchedwa Rhodesian African Rifles. Mtsogoleri wake woyamba, Francis Wane, adali mmodzi mwa azungu omwe adatumikira mu Rhodesia Native Regiment, ndipo gulu latsopanoli lidalandira ulemu wa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ngati cholowa chake. Lidamenyana ndi asilikali a Japan ku Burma mu 1945, lidatumikira ku Malaya kuyambira 1956 mpaka 1958, ndipo mu 1959 lidatumizidwa ku Nyasaland kukathandiza kupondereza otsatira chipani cha Nyasaland African Congress pa nthawi ya lamulo la zadzidzidzi. M'zaka za m'ma 1970 lidamenyera boma la Ian Smith polimbana ndi omenyera ufulu. Lidathetsedwa mu 1981, Zimbabwe italandira ufulu.

Chikumbutso

Mbiri ya gulu lachiwirili ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe asilikali a 1916 sakumbukidwa kwenikweni. Zimbabwe yodzilamulira imalemekeza ngwazi za nkhondo ya ufulu, ndipo msilikali wakuda yemwe adavala yunifolomu ya atsamunda alibe malo m'nkhani imeneyo. Ku Malawi, nsanja ya chikumbutso ya ku Zomba idamangidwira asilikali a Keyala. Zipilala za asilikali achikuda zomwe Angerezi adaimika m'zaka za m'ma 1920 ku Dar es Salaam, Nairobi ndi Mombasa zilibe maina a anthu omwe adafa. Mu Epulo 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission lidavomereza kuti anthu osachepera 116,000 omwe adafa pa nkhondo yoyamba ali kumbali ya Britain, ambiri a iwo a ku Africa, sadakumbukidwe ndi maina awo kapena sadakumbukidwe n'komwe, ndipo boma la Britain lidapepesa.

Kuiwalika kotere sikudagwere asilikali a ku Africa okha. Asilikali a ku Philippines omwe adamenya nkhondo yachiwiri pansi pa mbendera ya America adalandidwa zambiri mwa zomwe adalonjezedwa kudzera m'lamulo la 1946, ndipo otsala amoyo adapatsidwa chipukutamisozi mu 2009, patapita zaka zoposa 60. Kusiyana kwake n'kwakuti asilikali a Rhodesia Native Regiment adatha onse kumwalira nkhani yawo isadafike pa bwalo lililonse.

Kwa mbumba ya anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, nkhaniyi ikugwirizana ndi funso la unzika. Kusintha kwa lamulo la unzika mu 2001 kudachititsa kuti anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe, omwe makolo awo adachokera kunja, ayesedwe alendo n'kulephera kuvota. Malamulo aakulu a dziko a 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'dzikomo omwe kholo lawo lidali nzika ya dziko lina la m'bungwe la SADC. Chitungwiza, yomwe idapangidwa mu 1978 pophatikiza Seke, Zengeza ndi St Mary's, ndi umodzi mwa mizinda yomwe nkhaniyi idakhudza mabanja ambiri. Kaundula wa gulu la 1916 ndi umboni wolembedwa woti anthu a kumpoto kwa Zambezi akhala mbali ya mbiri ya Zimbabwe kwa zaka zoposa 100.

Banja lomwe lidamvapo kuti agogo ena adapita ku nkhondo ya chiwaya kuchokera ku Halale lingayambe kufufuza m'nyumba momwe. Mamendulo a British War Medal ndi Victory Medal, omwe ankaperekedwa kwa asilikali a nkhondo yoyamba, amakhala ndi nambala, dzina ndi gulu la msilikali zodindidwa m'mphepete mwake. Nambalayo ndiyo yofunika kwambiri, popeza makalaliki ankalemba dzina limodzi lokha, nthawi zina la kuntchito osati la kumudzi, ndiponso molakwitsa kalembedwe. Zolemba za gululi zimasungidwa ku National Archives of Zimbabwe mumzinda wa Harare, ndipo zithunzi za makhadi a mamendulo a asilikali a nkhondo yoyamba zili ku nyumba yosungira zolemba zakale za boma la Britain ku Kew, mumzinda wa London.